SIKANI YA IMPSO YA "NYUKILIYA": INACHOKERA KUTI NDIPO IMAONA CHIYANI?

Lero tikamba mbiri, ndipo ndi yaitaliko, ndiye pezani pokhala pabwino.

Ena mwa inu muli ku Joni, ena ku UK, ena munaperekezapo m'bale ku India pa nkhani ya impso. Kumeneko dokotala amatha kukupatsani pepala lolembedwa kuti renogram, kapena MAG3, DTPA, DMSA, n'kukuuzani kuti mupite ku Nuclear Medicine. Munthu akangomva mawu akuti nyukiliya mtima umapita phaa, maganizo amathamangira ku bomba la ku Hiroshima. Ena amafika pozemba tsiku lawo la sikani. Chonsecho sikani imeneyi nthawi zina ndi imene imagamula ngati impso yanu ichotsedwe kapena ikonzedwe. Ndiye tiyeni tione kumene inachokera, chifukwa mukadziwa chiyambi chake mantha amachepa.

Tiyambe ndi vuto limene madokotala anali nalo. Impso zanu ziwiri zimasefa madzi a m'magazi okwana pafupifupi malita 180 tsiku lililonse, koma mkodzo umene mumataya ndi lita imodzi ndi theka basi, kapena kuposerapo pang'ono. Ena onsewo impso zimawabweza m'thupi. Tikakutengani magazi n'kuyeza creatinine, nambala imene timapeza imanena za ntchito ya impso zonse ziwiri pamodzi. Zili ngati anthu awiri amene apatsidwa munda umodzi kuti apalire. Madzulo mukapeza munda wayera, simungadziwe kuti wagwira khasu ndani ndipo amene anagona pansi pa mtengo wa mango ndani. Impso imodzi ikhoza kufa ndithu, inzake n'kusenza ntchito yonse, creatinine n'kumaoneka bwinobwino. Sikani ya ultrasound nayo imaonetsa maonekedwe: kukula kwa impso, kutupa kwake, miyala. Koma maonekedwe si ntchito. Impso yotupa ikhoza kukhala ikugwira ntchito, ina yooneka bwino ikhoza kukhala itangokhala.

Kale zinali zovuta kwambiri. Mu 1827 Richard Bright wa pa chipatala cha Guy's ku London ankatenthetsa mkodzo pa supuni pamwamba pa kandulo. Ukachita mbuu ngati dzira lophika ankadziwa kuti impso zikudontha zakudya zomanga thupi. Mu 1926 Poul Rehberg wa ku Copenhagen anaonetsa kuti creatinine ingatiuze liwiro limene impso zikusefera, ndipo poyesa zimenezi ankamwa creatinine iye mwini. Cha m'ma 1935 Homer Smith ndi anzake ku New York anapeza muyezo wolondola kwambiri pogwiritsa ntchito inulin, koma unkafuna dilipi ya maola ambiri ndi kutunga mkodzo ndi paipi nthawi ndi nthawi. Ndipo dokotala akafuna kudziwa za impso iliyonse payokha, ankalowetsa chitsulo choonera m'chikhodzodzo, n'kukankha kapaipi kakang'ono kupita ku impso ya kumanja, kena ku ya kumanzere, n'kumatunga mkodzo wa mbali iliyonse m'botolo lake. Amene munaikidwapo paipi ya mkodzo wamba mukhoza kuganizira ululu wake, osanenanso za matenda amene ankalowera pomwepo.

Njira yopepuka inachokera kwa munthu amene sanali dokotala n'komwe.

Mu 1911 mnyamata wa ku Hungary dzina lake George de Hevesy anali ku Manchester, akugwira ntchito pansi pa katswiri wotchuka Ernest Rutherford. Nthawi imeneyo nkhani ya zinthu zotulutsa cheza inali yatsopano. Henri Becquerel anali atangotulukira cheza cha uranium mu 1896, ndipo Marie ndi Pierre Curie anapeza radium mu 1898. Rutherford anapatsa Hevesy mulu wa mtovu umene munali kanthu kena kotulutsa cheza kotchedwa radium D, n'kumuuza kuti akalekanitse ndi mtovuwo. Hevesy anavutika nazo pafupifupi zaka ziwiri, osatheka. Chifukwa chake n'chakuti radium D nayonso ndi mtovu, kungoti ndi mtovu wotulutsa cheza. Kulikonse kumene mtovu wapita, nayonso imapita komweko.

Apa m'pamene panali nzeru. Hevesy anaganiza kuti ngati ziwirizi sizilekana, ndiye kuti chotulutsa chezacho chikhoza kukhala ngati belu limene timamangirira pakhosi pa ng'ombe imodzi. Ng'ombe ya beluyo imadya msipu womwewo, imamwa pa dambo lomwelo, imayenda ndi zinzake. Usiku simukuziona ng'ombezo, koma mukamva belu mwadziwa kumene gulu lonse lili. Mfundo yonse ya sikani za nyukiliya ndi imeneyi, mpaka lero. Timatenga mankhwala amene impso imawadziwa kale kuwasefa, timawamangirira belu, kenako timamvetsera tili kunja kwa thupi.

Pali nkhani ina imene imakambidwa ya Hevesy ku Manchester komweko, ndipo ine ndimaikonda. Akuti ankakayikira mayi wa nyumba imene ankachita lendi kuti amawadyetsa mkute, nyama yotsala Lamulungu n'kubweranso mkati mwa sabata itasintha dzina. Mayiyo anakanitsitsa kuti iye amaphika zatsopano tsiku ndi tsiku. Hevesy anathira kachidutswa ka zotulutsa cheza m'nyama imene anasiya m'mbale, ndipo patapita masiku angapo anabwera ndi kachipangizo kake patebulo. Kachipangizoko kanaulula kuti ndi nyama yomwe ija. Za sayansi zenizeni zinabwera pambuyo pake: mu 1923 anathirira nyemba ndi madzi okhala ndi mtovu wotulutsa cheza n'kutsatira mmene ukukwerera kuchoka ku mizu kupita ku masamba. Mphoto ya Nobel ya chaka cha 1943 inapita kwa iye chifukwa cha njira imeneyi.

Pa munthu zinayesedwa ku Boston mu 1925, pamene Hermann Blumgart anabaya zotulutsa cheza pa mkono umodzi n'kuwerenga masekondi amene zinatenga kuti zifike pa mkono winawo. Koma zinthu za mtundu wa radium sizinali zoti n'kumabaya odwala mwachisawawa. Zinasintha mu 1934 pamene Irène Joliot-Curie ndi mwamuna wake Frédéric anaonetsa kuti anthu akhoza kupanga okha zinthu zotulutsa cheza. Mu 1938 ku Berkeley ku California kunapangidwa ayodini wotulutsa cheza wotchedwa I-131, ndipo kuyambira 1946 malo a nyukiliya a ku Oak Ridge, amene anamangidwira za bomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anayamba kutumiza zinthu zoterezi ku zipatala. Ndiye amene mumaganiza za bomba simukulakwitsa kwenikweni, ubale ulipo. Koma mpeni umene umapha mbuzi ndi womwewo umene umasenda mbatata, nkhani ili pa mlingo ndi ntchito yake.

Renogram yoyamba imene inafala inachokera ku Los Angeles mu 1956, kwa George Taplin ndi dokotala wa njira za mkodzo Chester Winter. Iwo anatenga Diodrast, mankhwala amene ankagwiritsidwa kale ntchito pojambula impso ndi X-ray, n'kuwamangirira I-131. Wodwala ankakhala pampando, kumsana kwake n'kuikako zomvetsera cheza ziwiri, china pa impso ya kumanja china pa ya kumanzere. Chithunzi panalibe. Chimene chinkatuluka ndi mizere iwiri yolembedwa ndi cholembera pa pepala loyenda.

Mzere umenewu ndi umene madokotala amawerengabe lero, ndiye ndiufotokoze. M'masekondi oyamba umakwera mofulumira, kusonyeza kuti magazi afika ku impso. Kenako umakwera pang'onopang'ono pamene impso ikutola mankhwalawo m'magazi, n'kufika pamwamba pakatha mphindi zitatu mpaka zisanu. Kenako umatsika pamene mkodzo ukutuluka kupita ku chikhodzodzo. Impso yathanzi imajambula kaphiri. Impso yotsekeka njira imangokwera osatsika. Impso yakufa imajambula mzere wogona. Kwa nthawi yoyamba dokotala anatha kuona amene akupalira ndi amene wagona, popanda kulowetsa paipi paliponse.

Panali mavuto awiri. Diodrast inkatengedwanso ndi chiwindi, ndipo chiwindi chimakhala pamwamba pa impso ya kumanja, ndiye mzere wa kumanja unkanama. Izi zinatha mu 1960 pamene Manuel Tubis, Robert Nordyke ndi anzawo anabweretsa Hippuran ya I-131, imene impso imaichotsa m'magazi pafupifupi yonse ikangodutsa kamodzi. Vuto lachiwiri linali lakuti chomvetseracho ankachiika mongoganizira pamene impso ili. Impso ikakhala kuti inatsika pang'ono kapena munthu anabadwa nayo pamalo ena, mzere unkaoneka wofooka pamene impsoyo ilibe vuto. Panafunika chithunzi.

Makina oyamba ojambula anapangidwa ndi Benedict Cassen mu 1951, ndipo ankayenda mzere ndi mzere pamwamba pa wodwala ngati munthu wolima mizere, pang'onopang'ono kwambiri. Mu 1960 John McAfee ndi Henry Wagner a ku Johns Hopkins anajambula nawo impso pogwiritsa ntchito mankhwala okodzetsa okhala ndi mercury wotulutsa cheza. Zithunzi zinatuluka, koma mercury ameneyo ankakakamira mu impso, ndipo mphamvu yake inkatenga masiku pafupifupi 47 kuti itsike ndi theka. Pamenepa mantha akanakhala omveka ndithu. Chinapulumutsa zinthu ndi kamera ya Hal Anger wa ku Berkeley, ya mu 1958, imene itakulitsidwa pambuyo pake inkaona impso zonse ziwiri ndi chikhodzodzo nthawi imodzi, chithunzi pambuyo pa chithunzi ngati kanema. Makamera a masiku ano ndi zidzukulu za imeneyo. Dziwani ichi: kamerayi situlutsa cheza chilichonse. Imangolandira chimene chikuchokera m'thupi mwanu.

Tsopano belu lenilenilo, limene likugwira ntchito lero.

Pa ndandanda wa zinthu zonse zachilengedwe panali mpata pa nambala 43, chinthu chimene akatswiri ankadziwa kuti chiyenera kukhalapo koma palibe anachipeza m'nthaka. Mu 1937 Ernest Lawrence anatumiza pa positi kachitsulo ka molybdenum kotha ntchito kochokera m'makina ake ku Berkeley, kupita kwa Emilio Segrè ku Palermo ku Italy. Segrè ndi Carlo Perrier anapezamo nambala 43 ija. Pambuyo pake anaitcha technetium, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chopangidwa ndi anthu. Mu 1938 Segrè ndi Glenn Seaborg anapeza mtundu wake wotchedwa technetium-99m, umene mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 6 aliwonse.

Maola 6 ndi abwino kwa wodwala, chifukwa pofika mawa nthawi yomweyo mphamvu yotsala ndi gawo limodzi mwa magawo 16, ndipo zambiri mwakodza kale. Koma ndi oipa kwa wonyamula katundu. Mungatumize bwanji chinthu chimene chimasungunuka m'njira ngati ayisi? Kwa zaka 20 technetium inangokhala yopanda ntchito. Mu 1958 Walter Tucker ndi Margaret Greene a ku Brookhaven ku New York anapeza njira. M'malo motumiza technetium, mumatumiza kholo lake, molybdenum-99, limene limatenga maola 66 kuti litsike ndi theka ndipo likamatha limasanduka technetium. Limabwera m'chigubu chokutidwa ndi mtovu, ndipo m'mawa uliwonse wogwira ntchito amathiramo madzi a mchere n'kutunga technetium ya tsikulo. Iwo eni amati kukama ng'ombe, ndipo ng'ombe imodzi imakamidwa pafupifupi sabata. Chodabwitsa n'chakuti akuluakulu a nthawiyo sanavutike n'kulembetsa umwini wa luso limeneli, poganiza kuti palibe adzagule. Lero sikani za nyukiliya pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse padziko lapansi zimadalira technetium.

Belu litapezeka, chinatsala ndi kusankha ng'ombe yolimangirira. Apa m'pamene panachokera mayina a pa pepala lanu lija.

DTPA inabwera cha m'ma 1970, ku Brookhaven komweko. Imeneyi imangodutsa pa sefa ya impso basi, siibwezedwa m'thupi, choncho imationetsa liwiro la kusefa, lija timalitcha GFR. Vuto lake n'lakuti impso imangochotsa gawo limodzi mwa magawo asanu pa ulendo uliwonse wa magazi, ndiye kwa khanda kapena munthu amene impso zake zafooka kale chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino. Madokotala ankalakalaka Hippuran yokhala ndi belu la technetium, ndipo zinatenga zaka zambiri kuti ipezeke. Mu 1986 Alan Fritzberg, Andrew Taylor ndi anzawo ku Utah anatulutsa MAG3, imene timapaipi ta mu impso timaikoka m'magazi mwamphamvu. Ndi imene zipatala zambiri zimakonda pa renogram masiku ano, ngakhale ndi yodula kuposa DTPA.

DMSA ndi yosiyana, ndipo ndikufuna amayi ndi abambo a ana ang'onoang'ono amve bwino. Inayamba kugwiritsidwa ntchito pojambula impso mu 1974, m'malo mwa mercury uja. Mankhwala ake enieniwo ndi amene amaperekedwanso kwa ana amene mtovu walowa m'magazi mwawo kuti auchotse. DMSA siithamangira ku mkodzo. Imalowa m'maselo a impso amoyo n'kukhala momwemo, ndiye pakatha maola awiri kapena atatu kamera imajambula mnofu wokhawo umene ukugwira ntchito. Pamene pali chipsera pamaoneka ngati palumidwa. Zipsera zimenezi zimabwera mwana akamadwala matenda a njira ya mkodzo amene akwera mpaka ku impso, makamaka ngati mkodzo wake umabwerera m'mbuyo kuchoka m'chikhodzodzo. Mwana wosakwana zaka ziwiri sanena kuti ndikumva kuwotcha pokodza. Amangotentha thupi, kukana kuyamwa, kusanza. Kwathu kuno thupi likatentha tonse timathamangira malungo, ndipo n'zomveka. Koma mwana akayezedwa malungo osapezeka, thupi n'kumatenthabe, pemphani kuti mkodzo uyezedwe. Zimene DMSA yaphunzitsa madokotala n'zakuti zipsera zina zimene zimadzabweretsa BP ndi kufooka kwa impso munthu atakula zimayamba ali pamsana. Chipsera chenicheni amachiyang'ana pakatha miyezi pafupifupi 6 chidwalireni, chifukwa m'masabata oyamba impso imakhala ikadali yotupa ndipo mbali ina imachira yokha.

Mu 1978 nkhani inabwereranso ku Manchester. Dokotala Patrick O'Reilly ndi anzake anakhazikitsa njira yosavuta koma yanzeru. Impso yotupa ndi mkodzo ikhoza kukhala yotsekeka, kapena ikhoza kungokhala yotambasuka ngati thumba lakale koma njira ili yotseguka. Pa ultrasound ziwirizi zimafanana, ndipo pa renogram zonse zimachedwa kutsika. Iwo anati pakatha mphindi 20 tibaye Lasix, yemwe uja wokodzetsa amene ambiri mumamudziwa. Mkodzo ukachuluka mwadzidzidzi, thumba lotambasuka limatsukika ndipo mzere umagwa msanga, theka limachoka pasanathe mphindi 10. Lotsekeka limakanika, mphindi 20 zimadutsa mzere uli m'mwamba. Woyambayo safunika mpeni, wachiwiriyo akachedwa impso imafa. Izi zimatikhudza ife a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, chifukwa likodzo la zaka zambiri limasiya zipsera m'chikhodzodzo ndi m'mapaipi ochokera ku impso, n'kuwapanikiza. Mwana wokodza magazi sakukula ayi, akudwala, ndipo praziquantel ndi wotchipa kutalitali poyerekeza ndi zonse ndikufotokozazi.

Kamera ndi kompyuta zimawerengeranso gawo la ntchito la impso iliyonse. Zabwinobwino zimagawana pakati pa 45 ndi 55 pa 100 iliyonse. Impso yotsekeka ikapezeka kuti ikugwirabe 30 kapena 35, dokotala amalimbana nayo kuti aikonze. Ikapezeka pansi pa 10 kapena 15, ndiponso ikungobweretsa mafinya ndi ululu, nkhani yochotsa imayamba. Kwa munthu wofuna kupereka impso kwa m'bale wake, ziwirizo zikasiyana, yamphamvuyo imatsala kwa mwini wake.

Si zonse zinayenda bwino m'mbiri imeneyi. Mu 1934 Harry Goldblatt wa ku Cleveland anaonetsa pa agalu kuti mtsempha wopita ku impso ukapanikizika BP imakwera. Captopril atabwera, mankhwala a BP amene chiyambi chake ndi kafukufuku wa ululu wa njoka ya ku Brazil yotchedwa jararaca, madokotala a m'ma 1980 anaona kuti munthu wa mtsempha wopanikizika akamwa captopril, renogram ya impso imeneyo imasintha. Sikani ya captopril inatchuka kwambiri. Koma kafukufuku wamkulu wa ASTRAL mu 2009, ndi wina wa CORAL zaka zingapo pambuyo pake, anapeza kuti kwa achikulire ambiri kutsegula mtsemphawo sikuposa kumwa mankhwala mokhulupirika. Sikaniyo inkapeza vuto molondola ndithu, koma kulipeza sikunkasintha chithandizo, ndiye masiku ano imachitika mwa apo ndi apo. Ine ndimaona kuti funso labwino kufunsa dokotala pa sikani iliyonse yodula ndi lakuti: zotsatira zake zisintha chiyani pa chithandizo changa?

Pali muyezo wina umene sufuna kamera n'komwe. Amakubayani mankhwala a belu, kenako amatenga magazi pakatha maola awiri, atatu, anayi, n'kuona liwiro limene akuchokera m'magazi. Zinayamba m'ma 1960 ndi chromium EDTA, ndipo lero ambiri amagwiritsa ntchito DTPA. Umenewu ndi GFR woyezedwa, pamene eGFR ya pa pepala la ku labu ndi yongowerengera kuchokera ku creatinine, zaka ndi kuti ndinu mwamuna kapena mkazi. Kusiyanaku si kwamasewera. Creatinine imachokera ku minofu, ndiye munthu wowonda kapena wodwalika amakhala ndi creatinine yotsika ngakhale impso zikuvutika. Kafukufuku wa ARK amene anachitika ku Malawi, Uganda ndi South Africa, wofalitsidwa mu 2022, anayeza GFR mwachindunji ndi mankhwala otchedwa iohexol, amene satulutsa cheza koma mfundo yake ndi yomweyi. Anapeza kuti masamu a creatinine amene anapangidwira ku America ndi ku Ulaya amakonda kuonetsa impso zathu ngati zili bwino kuposa mmene zilili. Ndiye ngati muli ndi shuga, BP kapena mukumwa ma ARV, musakhutire ndi creatinine yokha, mkodzo nawo uziyezedwa ngati ukudontha zomanga thupi. Supuni ya Bright ija ikadali ndi ntchito, kungoti lero ndi kapepala koviika.

Gawo latsopano m'mbiriyi ndi lofuna kuona mmene impso imadyera. Impso iliyonse imalemera magalamu pafupifupi 150 okha, koma ziwirizi zimalandira gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi onse amene mtima umapopa. Mphamvu zake zambiri sizithera pa kusefa, zimathera pa kubweza mchere, shuga ndi madzi aja m'thupi. Sikani yoona kagwiritsidwe ntchito ka chakudya m'maselo ndi PET. Shuga wa belu wotchedwa FDG anabayidwa mwa munthu koyamba mu 1976 ku Philadelphia, atapangidwa ku Brookhaven n'kuthamangitsidwa pa ndege, poti mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 110 zokha. Maselo a khansa ndi adyera pa shuga, monga Otto Warburg anaonera m'ma 1920, ndiye amawala pa chithunzi. Koma pa impso FDG ili ndi khalidwe lovuta. Shuga weniweni impso imamubweza yense, pamene FDG imamulola kupita mu mkodzo. Zotsatira zake impso ndi chikhodzodzo zimawala mwa aliyense, ndipo chotupa chikhoza kubisala m'kuwalako. Amene munaonapo PET ya m'bale wanu n'kudzidzimuka ndi chikhodzodzo chowala kwambiri, kawirikawiri umenewo ndi mkodzo chabe. Ofufuza akuyesa mabelu ena, monga acetate woonetsa mmene impso ikugwiritsira ntchito mpweya wa okosijeni, koma mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 20, ndiye imatheka pokhapokha makina oipanga ali pa chipatala pomwepo. Zimenezi zikadali za kafukufuku, musapite kukazifunsa ku chipatala mawa.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sikani zimenezi sizipezeka pa chipatala cha boma lililonse. Kamera ndi yodula, inde, koma vuto lalikulu ndi ng'ombe ija. Molybdenum-99 amapangidwa kuchokera ku uranium m'malo ochepa kwambiri padziko lonse, ndipo sasungika. Sabata iliyonse pamafunika ndege, zilolezo, magetsi osazimazima ndi anthu ophunzira kukama ndi kusakaniza. Mu 2009 malo a ku Chalk River ku Canada anatsekedwa chifukwa cha kudontha, mu 2010 a ku Petten ku Netherlands nawonso anaima kuti akonzedwe, ndipo zipatala za ku America ndi ku Ulaya zinayamba kubweza odwala. Amodzi mwa malo amene anathandiza dziko lonse pa nthawiyo ndi SAFARI-1 ku Pelindaba, pafupi ndi Pretoria, amene akhala akugwira ntchito kuyambira 1965. Abale a ku Joni, mankhwala amene mungabayidwe ku Steve Biko, ku Groote Schuur kapena ku Tygerberg mwina kholo lake lachokera pafupi pomwepo.

Tsiku lanu likafika, zimayenda motere. Simusala kudya, ndipo amakuuzani kumwa madzi okwanira musanalowe, chifukwa thupi louma limachedwetsa mzere uja n'kuoneka ngati impso yatsekeka. Mumakodza kaye, mumagona chagada, kamera ili kunsi kwa bedi. Jakisoni ndi mmodzi wa pa mtsempha, wochepa kuposa supuni yaing'ono, sawotcha thupi ngati mankhwala a CT ndipo savulaza impso ngakhale zofooka. Mumakhala osagwedezeka kwa mphindi 20 mpaka 40. Akakubayani Lasix mkodzo umakugwirani kwambiri, nenani, musachite manyazi, chikhodzodzo chodzadza nacho chimasokoneza zotsatira. Cheza chimene mumalandira pa renogram ndi pafupifupi 1 mSv kapena kucheperapo. Munthu aliyense amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera ku nthaka, miyala, mpweya ndi chakudya, ndipo CT ya pamimba imapereka kuchulukitsa kangapo kuposa renogram.

Ngati muli oyembekezera kapena mukukayikira, nenani musanabayidwe. Ngati mukuyamwitsa nenaninso, adzakuuzani ngati pakufunika kudikira maola angapo. Tengani mankhwala anu onse a BP ndi okodzetsa mukawaonetse, chifukwa ena amasintha zotsatira, koma musasiye kumwa nokha asanakuuzeni. Mukatuluka imwani madzi ambiri, kodzani pafupipafupi, gujumulani chimbudzi bwino ndi kusamba m'manja. Ngati wajambulidwa ndi mwana wa matewera, tsiku limenelo muzimusintha msangamsanga, matewerawo muziwamanga mu pulasitiki, ndipo ngati mayi ali ndi pakati ntchito yosinthayo agwire munthu wina mpaka mawa lake.